Luisa Atakana Kuthira Mchere

Pakati pa mabango a dambo la Dinde, m'dera la Nyachikadza, panali kamtunda kamene madzi osefukira ankakasiya chaka ndi chaka. Pakamtundapo panali nyumba imodzi yokha, thandala loyanikapo nsomba, ndi bwato lomangirira pachikhomo. Mwini wake anali Tomasi, msodzi wa miono, munthu woumira mawu. M'mawa uliwonse ankapita kukaonjola miono dzuwa lisanapse, ndipo pobwera ankapeza Luisa atasesa kale pabwalo, mpeni uli m'manja, akudikira kutumbula milamba ndi makakana. Ankagwira ntchito moyang'anizana, wina kung'amba wina kuyanika, mawu ake ongoti "bweretsa" ndi "nayi". Wodutsa pabwato akanati ndi bambo ndi mwana wake wobala. Koma sizinali choncho ayi.

Ana obala yekha Tomasi anali nawo awiri, koma anawabalira kuchikamwini, kumtunda uko kwa Maseya. Mkazi wake atamwalira, alamu ake anadikira kumeta, kenako anamukhazika pansi, namuthokoza bwino lomwe chifukwa cha nyumba imene anamanga ndi dimba limene anaswa, namusudzula. Ana ndi a kuchikazi, ndiwo mwambo wa Amang'anja, ndipo palibe amene anamulakwira. Koma tsiku limene ananyamula mphasa ndi nkhwangwa yake, kamtsikana kake kanamuthamangira mpaka kumathero a mudzi, malume ake nkukagwira, kubwerera nako kakulira ndi kuponya miyendo. Tomasi anatsika ndi Shire kubwerera kwawo ali ndi chimenecho pamtima, ndipo sichinachokepo. Akamuuza zokwatiranso ankangopukusa mutu.

Luisa anabwera ndi nkhondo. M'chaka cha 1917, nkhondo ya Makombe ndi Apwitikizi itavuta kutsidya kwa Zambezi, Asena anakhamukira kuno m'magulumagulu, miyendo yotupa, ana kumsana, m'mimba mulibe kanthu. Tsiku lina Tomasi akukocheza padooko la mudzi anapeza mayi wina atafera patsinde pa mkuyu, pambali pake pali kamtsikana kakuingitsa ntchentche ndi tsamba. A gulu lawo anali atapitirira, poti aliyense anali ndi ake owadyetsa. Tomasi anabwereka khasu nathandiza kuika malirowo, ndipo atamaliza kamtsikanako kanangomutsatira mpaka pabwato. Mawa lake anapita nako kwa akulu a mudzi ndi kwa mphunzitsi wa mishoni, nanena pamaso pawo kuti kuyambira lero mwanayu ndi wake, adzamudyetsa, adzamuveka, ndipo iye akadzafa bwato ndi miono zidzakhala za mwanayu. Akuluwo anati atenge, nanga panali wina womufuna?

Dzina lokha ndi limene anamufunsa. Zaka anangoyeza ndi maso: mwana wolekeza m'chigongono, nthiti zili pamtunda, kamawu kakang'ono, ndiye kuti zaka zisanu ndi zitatu basi. Osadziwa kuti njala imabweza mwana m'mbuyo. Zina zonse, kwawo, bambo ake, mtupo wake, ndiye kuti mfunda wa makolo ake, abale amene anatsala, Tomasi anazisiya dala. Ankati khanda ukalitola limadziwa iwe wekha, koma mwana wamkulu chonchi amabwera ndi mudzi wake wonse m'mutu, ndiye ukamufunsa za kwawo wamukumbutsa njira. Luisa akati ayambe kunena kuti kwawo mpunga amauphika mwakutimwakuti, iye ankamudula pakamwa nkumutuma nkhuni, chikhalirecho nkhuni zili mulu pakhonde. Mwana si chitsiru. Patapita miyezi iwiri anasiya kutchula za kwawo.

Musafulumire kumuyesa munthu woipa. Tomasi anamukonda mwanayu mpaka anthu kumuseka. Anamuchotsa matekenya m'mapazi ndi munga, limodzilimodzi, mwana akulira iye thukuta lili kamukamu. Anamudzoza mafuta a nsatsi m'zilonda mpaka khungu linabwerera. Anamudulira chipinda chakechake ndi mabango, ndipo madzulo ankayamba wafukiza utsi m'chipinda cha mwanayo kuti udzudzu uthawe, chake pambuyo. Mlamba wonona ankausiyira Luisa, iye nkumapwepweta mutu. Tsiku limene mwanayo anamuitana koyamba kuti "baba", monga aitanira Asena, mwamuna wamkuluyo anakalowa m'mabango ati kukaona miono, koma miono anali ataiona kale.

Amene sankaseka anali Esinala, mlongo wake wamkulu, mayi wa pakamwa posabisa. Iyeyu anamuuza kangapo kuti kudyetsa mwana adyetse, kuveka aveke, koma mwana wamkazi azigona kwa iye, pakati pa akazi, chifukwa pali zinthu zimene mwamuna sangamuuze ngakhale atamukonda chotani.

"Achimwene, mwanayu sadzakhala kamwana mpaka kale," anatero Esinala.

"Akuchikazi munanditengera awiri," anayankha Tomasi. "Uyu yekha ayi."

Esinala anati iye sanatenge mwana wa munthu, amene anatenga ndi a kwa Maseya, koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha. Mwezi womwewo Tomasi anasamuka m'mudzimo nakamanga pakamtunda kaja, ulendo wopalasa mpaka mapewa kuwawa. Anthu anawauza kuti akufuna kukhala pafupi ndi miono.

Kumeneko mtima wake sunakhale pansi ngakhale tsiku limodzi. Bwato lachilendo likatulukira m'mabango, iye ankayesa ndi achibale a mwana abwera kudzamutenga. Akamva Chisena pamadzi ankasiya chimene akuchita nkutchera khutu. Luisa akachedwa kokazula nyika, zija timadya njala ikavuta, ankakwera pathandala la nsomba nkumasuzumira uku ndi uku mpaka aone kamutu kake pakati pa maluwa a m'madzi. Chinthu chimodzi chokha anamulola, ndipo anamulola chifukwa miono sinkamupatsa mpata: pakapita masiku angapo Luisa ankatenga nsomba zouma kupita nazo kumudzi kukasinthanitsa ndi mchere ndi mapira. Akanyamuka, Tomasi ankayeza mthunzi wa thandala, ndipo ukapitirira pamene anaika kamtengo mwana asanabwere, chakudya sichinkatsika.

Chaka ndi theka chinatha choncho. Luisa ananenepa, anatalika, nsalu yake inayamba kuperewera. Aliyense wa maso akanaona. Tomasi ankaonabe kamtsikana ka pansi pa mkuyu kaja.

Chilimwe cha 1918 chitafika pachimake, nthawi ija dothi la kuchigwa limaotcha mapazi ndi m'mawa womwe, kunamveka kuti Asena ena a kumsasa wa pafupi ndi mudzi akukonzeka kubwerera kwawo, kuti mvula yoyamba ikawapeze m'minda yawo. Masiku omwewo Luisa anayamba kuchedwa kumudzi. Ulendo wachitatu Tomasi sanapirire. Anaitana msodzi mnzake wodutsa kuti amuolotse, ndipo atafika anamupeza mwanayo kuseri kwa msasa, atakhala pamphasa imodzi ndi mayi wina wa Chisena dzina lake Priska, mitu itagundana, akunong'onezana. Atamuona anangoti zii onse awiri. Luisa anagwetsa nkhope.

Kwa Tomasi mlandu unathera pomwepo. Atafika kunyumba anamuuza mwanayo kuti kuyambira tsiku limenelo nsomba azipita nazo yekha, ndipo nkhafi anaitenga nkukaisomeka m'denga la nyumba, Luisa ali kotunga madzi. Madzulo ake mwanayo anagwada chapatali napempha kuti akawaone mayi Priska kamodzi kokha, pali mawu amene sanamalize. Tomasi anati palibe mawu. Mwanayo anati ngati kwa mayi Priska nkosatheka, amuperekeze kwa azakhali a Esinala, akagoneko masiku atatu okha. Tomasi anati kumeneko nakonso ayi, poti mudzi ndi msasa nzoyandikana, ndipo iye si mwana woti nkumupusitsa. Koma abale, munthu kulephera kufunsa kuti mawuwo ndi otani!

Patapita masiku asanu, ndiwo zinabwera zopanda mchere. Luisa anatula mbale ya makakana patsogolo pake, naika pambali kachigoba ka mchere, nabwerera chafutambuyo kukakhala kuseri kwa nyumba. Tomasi analawa, nayang'ana kachigobako, nayang'ana kumene mwana walowera.

Apa ndiye pondikwiyitsa ine. Munthu ameneyu anakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri. Mkazi wake yemwe, masiku ake a kumwezi akafika, ankachita chimodzimodzi: ndiwo osathira mchere, kachigoba pambali, mwamuna athire yekha. Wamkulu aliyense kuchigwa kuno, Mmang'anja kaya Msena, amadziwa kuti mkazi ali m'masiku amenewo sakhudza mchere wa m'ndiwo, kuopa kudula a m'nyumba ndi tsempho, nthenda ija ya chifuwa ndi kutupa. Koma kuti aganize zimenezo, Tomasi anayenera kuyamba wavomera kuti Luisa wakula, ndipo m'mutu mwake Luisa anali wa zaka khumi zosakwana. Chimene anaona iye ndi mwano. Anati mwanayu wandikwiyira chifukwa cha nkhafi, akundionetsa kuti dzanja lake lachoka kale pakhomo pano, ndi nzeru za Priska zimenezi. Anathira mchere yekha nadya.

Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Mwanayo sankamuyang'ana kumaso, ankakasamba kutali kuseri kwa gumbwa, ndipo nthawi zambiri ankangokhala atakumbatira mawondo, maso ali kumene kuli mudzi. Tomasi anati akuloweza njira. Anapita kumudzi yekha ndi nsomba, ndipo anapeza maliro awiri tsiku limodzi, anthu akunena za chimfine chachilendo chimene chabwera ndi amtengatenga obwerera kunkhondo. Iye sanazisamale. Maso ake anali kumsasa, kumene Asena anali kumanga mitolo. Anadutsa pakhomo pa Esinala osaima, kuopa kuti angamufunse za mwana.

Tsiku lachitatu masana, dzuwa lili paliwombo, anamupeza Luisa akuphula mphika, kachigoba kali pambali monga mwa masiku aja. Zonse zimene anazisunga m'mimba zinatuluka nthawi imodzi. Anamufunsa ngati m'nyumba muno anagonapo ndi njala, ngati anamumenyapo, ngati matekenya aja anawachotsa Priska. Mafunso a mtundu umenewo safuna yankho. Kenako anamuuza kuti athire mchere iye akuona.

"Nkhabe, baba," anatero Luisa, kukana m'chinenero cha kwawo, manja atawabisa kumbuyo.

"Thira."

"Baba, thirani nokha. Chonde, thirani nokha."

Tomasi anagwira dzanja la mwanayo, dzanja limene anali asanaligwirepo mwaukali chimutengere, nalilowetsa m'kachigoba, nalikokera pamphika, nalikutumula. Mchere unagwera m'ndiwo. Luisa analira kulira kumene sanalire ngakhale pamanda a mayi ake. Tomasi anakhala pansi nadya ndiwo zonsezo, mpaka msuzi, kuti aonetse kuti pakhomo pali mwini. Mwanayo anaima potero, dzanja lija atalitambasula kutali ndi thupi lake, akuperekeza ndi maso nthongo iliyonse kuchoka m'mbale kufika pakamwa.

Litapita tsiku limodzi, Tomasi anadzuka mutu ukuwawa. Pofika masana anali kutsokomola, chifuwa chikubaya, thupi lili moto. Kaya linali tsempho, kaya chinali chimfine chija anakachitenga kumudzi, chimene chinapulula anthu chaka chimenecho kuyambira ku Chiromo mpaka kunyanja, ine sindigamula. Koma Luisa sanakayike. Chifuwa ndi kutsokomola, ndizo zimene anachenjezedwa. Anamuphikira phala, anamupukuta ndi nsalu yonyowa, ndipo m'mawa wa tsiku lotsatira, ataona kuti munthuyo sakutha kudzuka, anagwada pakhomo napempha kuti amuuze kumene kuli nkhafi akaitane azakhali.

Mukudziwa chimene anayankha? Ali gone, akupuma movutikira, Tomasi anati nkhafi palibe. M'mutu mwake motentha munali chinthu chimodzi, kuti akangoulula, mwanayu apita ndi Asena. Anamva Luisa akufunafuna, kugubuduza mitsuko, kuvundukula miono yakale, kenako kukwera pamtondo ndi kusolola chinthu m'denga. Anayesa kuitana, mawu osatuluka. Anakwawa mpaka pakhomo, naona msana wa mwanayo m'bwato, akupalasa mwamphamvu, osacheuka, mabango nkumumeza. Pamenepo Tomasi analira ngati mwana, nati chimene ndinkaopa chija chachitika. Anagwa pakhomo pomwepo.

Za masiku otsatira ankakumbukira zidutswa: dzanja lolimba likumutukula mutu, madzi owawa a mizu, mawu a munthu akumukalipira kuti ameze. Atatsegula maso bwinobwino anapeza Esinala atakhala pambali pake akusenda nyika, nkhope itagwa ndi kutopa. Esinala anamuuza kuti wagona masiku asanu ndi anayi. Tomasi anayang'ana kuchipinda cha mabango chija, munali zii.

"Anathawa," anatero Tomasi. "Ndinkadziwa ine."

Esinala anaika mpeni pansi pang'onopang'ono.

"Anathawa ndani? Nanga ine anandiitana ndani? Mwana uja anafika padooko manja atatupa ndi nkhafi, akufuula pamaso pa anthu kuti wapha bambo ake. Achimwene, mwana uja ndi namwali. Watha msinkhu panopa, pakamtunda pano, yekhayekha ngati nyama ya m'tchire. Zaka zake ndi khumi ndi zinayi, anandiuza yekha. Inu munamufunsapo?"

Esinala sanamumvere chisoni msanga. Anamuuza zonse, chimodzichimodzi. Kwa Priska kuja Luisa sankapangana za ulendo. Priska sanali mbale wake nkomwe. Anali mayi chabe amene anaona kuti mwanayu ali pafupi kukula ndipo alibe womulangiza, ndiye ankamuuza pang'onopang'ono zoyenera kuchita tsikulo likadzafika, za nsalu, za kusamba, za mchere. Priska yemweyo anamufunsapo ngati akufuna kubwerera nawo kutsidya, ndipo Luisa anakana, nati bambo ake ali ku Dinde, adzawaphikira ndani. Mawu osamaliza aja anali oti tsikulo likadzafika Luisa akauze Esinala, kuti akazi amulandire monga mwa mwambo. Mcherewo ankakana pofuna kuti Tomasi asafe.

Tomasi anafunsa kumene mwanayo ali. Esinala apa ndiye anagwetsa misozi. Anati tsiku lija anamusiya kunyumba kwake, namuuza kuti adikire, iye nkuthamangira kuno. Koma m'mudzi munali maliro tsiku ndi tsiku, ndipo anthu olira amafuna pogwetsera mlandu. Mawu aja anafuula padooko anayenda khomo ndi khomo, mpaka zinamveka kuti kamtsikana ka Chisena kadula Tomasi, ndani akudziwa kuti kadula angati. Akazi anamukaniza kutunga pachitsime. Tsiku lachinayi msodzi wina anadutsa chapatali ndi kamtundaka, sanaone utsi, nakanena kumudzi kuti Tomasi watisiya. Mwamuna wa Esinala, amene anabweretsa ufa dzana, ndiye anafotokoza zotsalazo. M'mawa wotsatira uthenga wa msodzi uja gulu la Priska linanyamuka, ndipo Luisa sanaonekenso.

Miyendo inali isanalimbe, koma Tomasi sanamvere zoti adikire. Esinala anamupalasira mpaka kumudzi, ndipo kuchoka apo anayenda ndi ndodo, kupuma pamthunzi uliwonse, kutsata gombe kulowera kumunsi. Njira yonse ankawerenga masiku. Anyamuka masiku asanu apitawo, ali ndi ana ndi nkhalamba, mwina wina wadwala panjira, mwina akudikira mabwato. Akaona utsi patsogolo mtima unkakwera, akafika nkupeza ndi anthu ootcha bango. Tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka anafika padooko lalikulu pamene Asena ankakwerera mabwato otsikira ku Zambezi. Panali phulusa la moto wakale ndi mapazi ambirimbiri m'matope ouma, koma anthu panalibe.

Mwini mabwato pamenepo anali Sebastiano, nkhalamba ya Chisena yodziwa mtsinje wonse, imene inali kumata bwato pamthunzi. Tomasi anapereka moni nafotokoza za mwana wake. Sebastiano anati magulu atsika atatu sabata imeneyo, ndipo atsikana anali ambiri. Tomasi anatchula Priska. Nkhalambayo inaganiza pang'ono.

"Kamtsikana kometa mpala kaja? Ndakakumbuka. Kanameta dzulo lake, ati bambo ake amwalira ku Dinde. Sikanadye kanthu pano, kanangokhala kuyang'ana kumtunda."

Tomasi anati bamboyo ndi iyeyo, sanafe, ndipo akufuna bwato lomutsatira lero lomwe. Sebastiano anamuyang'ana kuyambira kumapazi, namuuza kuti akhale pansi. Anati kutsatira nkotheka, iye watsatirapo anthu ambiri, koma mabwato ake amatula anthu pamathiriro a Shire, ndipo kuchoka apo njira zimabalalika. Ena amaoloka kupita ku Sena, ena amakwera ku Chemba ndi ku Tambara, ena amalowa m'tchire masiku khumi mpaka ku Barwe. Za Priska iye anamva kuti akutsata mwamuna wake kuminda ya nzimbe, sakudziwa iti, ndipo mayiyo ananena kuti mwanayo akamusiya kwa abale a bambo ake omubala akawapeza. Ndiye chofunika nchaching'ono, anatero Sebastiano, poti Msena sasowa ukadziwa mtupo wake ndi mudzi wake.

"Kwawo nkuti mwanayo?"

Tomasi anati kutsidya kwa Zambezi.

"Kutsidya nkwakukulu, mwanawe. Mudzi wa yani?"

Tomasi anayang'ana pansi.

"Chabwino. Mtupo wake? Bambo ake omubala dzina lawo ndani? Nanga mayi ake aja munaika inu?"

Mtsinje unkangoyenda. Tomasi anafufuza m'mutu mwake monse, chaka ndi theka cha kudyera mbale imodzi, ndipo anapezamo mapazi a matekenya, nsalu yoperewera, ndi chiganizo chimodzi cha mpunga chimene anachidula pakati. Anati dzina lake ndi Luisa.

Sebastiano sanaseke. Anatola chomatira chake nati, mwaulemu ndithu, a Luisa kutsidyako aliko m'mudzi uliwonse.

Tomasi anapitabe. Mvula itatha anatsika mpaka ku Zambezi, nayenda m'midzi ya m'gombe mwezi wathunthu akufunsa za mtsikana wotchedwa Luisa amene anakhalapo ku Dinde. Anthu ankamulandira bwino, nkumufunsa mafunso omwe aja a Sebastiano. Chaka chotsatira anapitanso. Chimene chinkamudya koposa sichinali kusowa kwa mwanayo kokha, koma kudziwa kuti kwinakwake kuli mtsikana amene akukula akukhulupirira kuti anapha bambo ake ndi dzanja lake, ndipo palibe womuuza kuti munthuyo ali moyo, akumufunafuna. Pakamtunda paja sanabwererepo. Anakamanga kuseri kwa nyumba ya Esinala, ndipo anakalamba ali munthu wofunsa mlendo aliyense kwawo, mtupo wake ndi dzina la bambo ake, mpaka ana kumamuseka.

Mwana wamkulu ukamutenga amabwera ndi zaka zake, ndi akwawo, ndi zimene akudziwa, ndipo zonsezo amakupatsa ukangomufunsa. Tomasi anali ndi mlongo woti amufunse, anali ndi Priska, anali ndi mwana mwiniwakeyo atagwada pakhomo, mawu ali pakamwa. Anaopa yankho, nasankha kudya ndiwo zija mpaka msuzi. Akale sananame pamene anati safunsa anadya phula.